Holo, Bwalo ndi Pakamwa pa Woonera

Kawirikawiri anthu a zisudzo m'Malawi akakumana, msonkhano sutha wina asadaimirire ndi kudandaula kuti dziko lino lilibe nyumba yaikulu ya zisudzo. Dandauloli ndi lakalekale, ndipo limatulukanso m'nyuzipepala nthawi iliyonse imene gulu lina lasowa pochitira sewero. Odandaulawo akafunsidwa kuti nyumba imene akuilirayo ndi yotani, yankho lawo silisintha: chinyumba chachitali, mipando yawofuwofu yondanda m'mizere, nsanja yokwera kutsogolo, chinsalu chotseka ndi kutsekula, ndi magetsi amitundumitundu. Amati dziko lopanda nyumba yotere limachita manyazi pamaso pa alendo.

Kuti malo ochitira zisudzo ndi osowa, palibe angatsutse. Koma dandauloli limayambira kudenga m'malo moyambira pamaziko. Maziko a sewero ndi munthu amene wabwera kudzaonera, ndipo malo alionse amamuumba munthuyo mwanjira yakeyake. Pali malo amene amamulola kuyankha, pali ena amene amamutseka pakamwa. Pali malo amene amapitako mwa kufuna kwake n'kulipira pachipata, pali ena amene amakokeredwako ndi mfumu kapena mphunzitsi wamkulu. Tsono malo a zisudzo ayenera kuyesedwa ndi mafunso awiri. Kodi woonera ali ndi mawu pamenepo? Nanga wosewera amadya kuchokera m'manja mwa woonerayo? Holo yaikulu imene ambiri akuilira imagwa pa funso loyamba. Bwalo la m'mudzi limene akatswiri a m'sukulu za ukachenjede amalitamanda limagwa pa lachiwiri, ndipo nthawi zina limagwa pa onse awiri.

Holo ya nsanja yokwera

Holo ya nsanja yokwera idafika kuno ndi atsamunda. Ku Zomba ndi ku Blantyre Azungu ankachita masewero awo m'makalabu, ku Lusaka adali ndi Playhouse, m'matauni a migodi ya kopa adali ndi tinyumba tawo ta zisudzo, ndipo ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, adali ndi Reps Theatre. M'malo ambiri otere, kwa zaka zambiri, munthu wakuda ankalowamo makamaka kudzasesa ndi kudzanyamula mipando. Sukulu za mishoni ndi za boma zidatengera kamangidwe komweko, ndipo mpikisano wa zisudzo wa ATEM utayamba mu 1969, ophunzira a m'sekondale adaphunzira kuti sewero ndi chinthu chochitikira pansanja, m'Chingerezi, pamaso pa oweruza ogwira zolembera m'manja. Mpikisanowu udasula anthu aluso, ndipo Du Chisiza Jr adadziwika koyamba kudzera momwemo ali pasukulu ya HHI. Koma udasiyanso chizolowezi chimene chavuta kuchizula, choti woonera wabwino ndi wongokhala duu.

Aliyense amene adaonerapo sewero m'holo ya sukulu kapena ya tchalitchi akudziwa mmene zimakhalira. Pansi m'pofanana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kotero kuti wokhala mzere wachikhumi amangoona nkhongo za anzake. Apakati akaimirira, akumbuyo amakwera pamabenchi, mkangano n'kubuka. Mipando yakutsogolo, pamene sewero limaoneka ndi kumveka bwino, imasungidwira mlendo wolemekezeka ndi omuperekeza, amene amafika mochedwa n'kuchoka sewero lisadathe. Makoma a simenti amabweza mawu, ndiye wosewera amasiya kulankhula n'kuyamba kukuwa. Mawu a chikondi ndi a ukali amatuluka ndi mphamvu imodzimodzi. Mvula ikangogwa padenga la malata, sewero lonse limasanduka la anthu ongoyasamula pakamwa. Nthabwala imaseketsa akutsogolo, akumbuyo n'kumafunsana kuti wati chiyani. Munthu wa kumbuyoyo walipira ndalama yonse, koma wagula theka la sewero.

Oikira holo kumbuyo amati zonsezi ndi zipsera za umphawi chabe, ndipo nyumba yomangidwa bwino, ngati za ku Ulaya, ingazithetse. Zina ingazithetsedi. Chimene singathetse ndi khoma losaoneka limene nsanja yotere imaika pakati pa wosewera ndi woonera: uyu m'kuwala, uyo mumdima, uyu alankhule, uyo amvere. Ndipo n'kulakwa kuganiza kuti umu ndi mmene Azungu akhala akuonerera zisudzo chiyambire. Agiriki akale ankaonera pamtetete, atakhala pamasitepe a miyala m'mbali mwa phiri, ndipo bwalo la ku Epidaurus linkalandira anthu pafupifupi 14,000. Globe ya ku London, imene idamangidwa mu 1599 ndipo masewero a Shakespeare ankachitikiramo, idalibe denga pakati. Amphawi ankalipira kobiri limodzi n'kuimirira mozungulira nsanja masanasana, akudya, akuseka, akuyankha. Chizolowezi chozimitsa nyale kuti oonera akhale mumdima ali chete chidakhazikika m'zaka za m'ma 1800, ndipo Richard Wagner, ndi nyumba yake ya ku Bayreuth ya mu 1876, ndi mmodzi mwa amene adachilimbikitsa. Choncho chimene ena akuchitcha muyeso wa dziko lonse lapansi ndi mwambo wa anthu ochita bwino a ku Ulaya umene sudakwanitse ngakhale zaka 200. Kuumangira nyumba ya ngongole ku Lilongwe kungakhale kugula chovala chimene eniake ambiri adayamba kale kuchivula.

Nzeru za bwalo

Pabwalo palibe kutsogolo kapena kumbuyo. Anthu amazungulira, ndipo aliyense amaona wosewera komanso nkhope za anzake a tsidya linalo. Kuonana kumeneku kuli ndi ntchito: munthu akaona mnansi wake akupukusa mutu, amalimba mtima n'kunena za kukhosi. Pa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amayi oimba ndi kuomba m'manja ndiwo amanyamula gule. Akaleka kuimba, gule waima. Chilombo chikathamangira khamu, bwalo limabalalika n'kudzisonkhanitsanso. Wovina akakometsa, nthungululu zimalira ndipo amafupidwa pomwepo. Akalobodoka, amamva yekha kuzizira kwa manja. Pa nthano naponso wokamba sapitirira omvera asadavomere kuti ali naye limodzi. Komanso bwalo lomwelo ndi pozengera milandu, pamene munthu wamba adazolowera kuimirira ndi kufunsa mboni. Woonera wa pabwalo adakula akudziwa kuti pakamwa pake ndi chimodzi mwa zipangizo za sewero.

Izi ndi zimene adaziona aphunzitsi ndi ophunzira a University of Zambia pamene, motsogozedwa ndi Michael Etherton, adamanga bwalo lapamtetete la Chikwakwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzinalo, lomwe ndi la chida chotchetchera udzu, linkanena lokha kuti zisudzozi n'za anthu wamba, ndipo gululo lidayenda m'zigawo za dzikolo kuchita masewero m'zilankhulo za eni dera. Ku Botswana, Laedza Batanani idayamba mu 1974. Ku Malawi gulu loyendayenda la Chancellor College, lomwe lidayamba mu 1970 ndi masewero a Chingerezi m'masukulu, lidatembenukira kumidzi mu 1981 pamene lidakagwira ntchito ku Mbalachanda m'boma la Mzimba. Pambuyo pake Chris Kamlongera, David Kerr ndi ophunzira awo adachita masewero a zaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde, momwe eni mudzi ankalowerera m'sewero n'kumatsutsana za zitsime ndi ukhondo wawo.

Olamulira adazindikira msanga kuopsa kwa malo otere. Lamulo la Malawi la mu 1968 linkafuna kuti sewero liyambe laonedwa ndi bungwe la Censorship Board lisadachitidwe pagulu. Koma wounika amawerenga zimene zili papepala. Sangawerenge mawu amene mayi wina adzaponye kuchokera m'khamu, kapena phwete la anthu amene amva tanthauzo lobisika m'mwambi. Ku Kenya, anthu a m'mudzi wa Kamiriithu adamanga ndi manja awo bwalo la anthu oposa 2,000, nachitirapo sewero la Ngugi wa Thiong'o ndi Ngugi wa Mirii la Ngaahika Ndeenda mu 1977. Boma lidaletsa sewerolo, lidatsekera Ngugi wa Thiong'o m'ndende popanda kumuzenga mlandu, ndipo mu 1982 lidatumiza apolisi kukagumula bwalo lenilenilo. Boma silitumiza apolisi kukagumula mabenchi a matabwa pokhapokha litaona kuti okhala pamabenchiwo ayamba kulankhula.

Bwalo nalo lili ndi minga

Apa m'pamene akatswiri ambiri amaimira, naomba m'manja. Zolemba zambiri za ophunzira zimathera pa mfundo yakuti bwalo ndi ufulu, holo ndi ukapolo. Mfundoyi ndi yokoma kuilemba munthu ali mu ofesi ku Zomba, Lusaka kapena Pretoria, koma woilembayo sadayang'anitsitse mmene anthu amakhalira pabwalopo. Mfumu ili pampando. Madoda ali pamthunzi. Amayi ali pansi chapatali, ana akuingitsidwa ndi kamtengo. Mtsikana amene sewero likukamba za moyo wake wakhala moyang'anana ndi amalume ake ndi apongozi ake, ndipo kuonana kuja kumene kumalimbitsa mtima wa wina ndi komwe kumamumanga iye lilime. Gule Wamkulu yemweyo ali ndi zinsinsi zake za kudambwe ndi malire amene wosameta sawadumpha. Anthu angathe kukhala mozungulira koma osakhala ofanana.

Choipa kwambiri chidadza ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, pamene mabungwe othandiza adachuluka ndipo mliri wa Edzi udafuna uthenga wofulumira. Bwalo lidasanduka kalasi. Galimoto imafika ndi zokuzira mawu, mfumu italengeza kale kuti mudzi wonse usonkhane. Sewero limakhala litaphikidwa mumzinda, uthenga wake utavomerezedwa ndi wopereka ndalama. Pamapeto wotsogolera amafunsa khamu maganizo ake, koma yankho loyenera iye akulidziwa, ndipo anthu nawo akulidziwa. Amalipereka mwaulemu kuti alendo azipita. Mu lipoti mumalembedwa kuchuluka kwa mitu imene idafika, pamodzi ndi dzina la Augusto Boal, katswiri wa ku Brazil amene ankafuna kuti woonera alowe m'sewero n'kusintha mathero ake. Si magulu onse amene amatero, ndipo ena apulumutsadi miyoyo. Koma woonera wa sewero lophikiratu ali chete kuposa wa m'holo, chifukwa wa m'holo angathe kudzuka n'kumapita, pamene uyu akuopa maso a mfumu.

Muzu wa vutoli ndi ndalama. Bwalo lilibe mpanda. Popanda mpanda palibe chipata, ndipo popanda chipata wosewera sadya kuchokera kwa woonera. Amadya kuchokera kwa bungwe, ndipo maso ake amayang'ana kumene kukuchokera nsima. Sewero laulere limamulanda woonera mphamvu yaikulu imene ali nayo, yomwe ndi kukana kubweranso.

Mahotela ndi nyumba za misonkhano

M'mizinda muli malo a mtundu wachitatu: zipinda za m'mahotela ndi nyumba za misonkhano monga Comesa Hall ku Blantyre ndi Bingu International Convention Centre ku Lilongwe, imene idatsegulidwa mu 2012. Malowa adamangidwira nthumwi ndi zionetsero za malonda, ndipo pa ntchito imeneyo alibe mlandu. Koma gulu la zisudzo likabwereka malo otere, mtengo wobwerekera umagwera pa tikiti, ndipo tikitiyo imasankha oonera. Wa ku Ndirande, Bangwe, Kawale kapena Mchesi amatsala, chifukwa kupatula tikitiyo, sewero loyamba usiku limatha minibasi zitaleka kuyenda. Amene alowa amakhala mozungulira matebulo, operekera zakumwa akudutsadutsa, mafoni akulira, ena atafulatira nsanja. Sewero limakhala ngati ndiwo zapambali pa phwando la anthu odzaonetsana zovala. Olemba nawo sachedwa kuzindikira, ndipo amayamba kulemba nthabwala zazifupi zosafuna kumvetsera.

Nyumba yaikulu ya zisudzo imene ikulotedwayo idzathera komweku. Chinyumba chotere chimadya magetsi, alonda ndi okonza tsiku lililonse, kaya muli sewero kaya mulibe. Kuti chizidzidyetsa chokha, oyang'anira adzachibwereketsa kwa olipira msanga: maukwati Loweruka, mapemphero Lamulungu, misonkhano mkati mwa sabata. A zisudzo adzaima pamzere kunja kwa nyumba yotchedwa ndi dzina lawo lomwe. Chitsanzo chilipo kale ku Zomba. Great Hall ya Chancellor College, koleji imene kuyambira mu 2021 ikutchedwa University of Malawi, idamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ndi yaikulu ndi yolemekezeka. Komabe Amalawi ambiri amaidziwa ngati polandirira madigiri, pamene masewero a ophunzira adapeza moyo mu Little Theatre ndi pabwalo lapamtetete la pakolejipo. Akulu adanena kuti walira mvula walira matope.

Malo amene adagwiradi ntchito

Chowawa n'chakuti yankho Amalawi adali nalo kale m'manja. Bwalo la French Cultural Centre ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, silidali chinyumba chogometsa. Adali masitepe okwera pang'onopang'ono, denga la udzu, mbali zotseguka kuti mphepo idutse, mpanda ndi chipata. Lidali pafupi ndi msewu wa minibasi wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, ndipo masewero ambiri ankachitika masana kumapeto kwa sabata, munthu n'kubwerera kwawo kusadade. Pamenepo Wakhumbata Ensemble Theatre ya Du Chisiza Jr, imene idayamba mu 1987, idaonetsa kuti Mmalawi angathe kudya ndi zisudzo. Pamenepo Kwathu Drama Group inkadzaza malo ndi masewero a Chichewa, ndipo Gertrude Kamkwatira adapitiriza ntchito Chisiza atamwalira mu 1999. Woonera ankaona bwino chifukwa cha masitepe, ankamva bwino chifukwa udzu subweza mawu ndipo mvula siilirapo ngati pamalata. Adali pafupi ndi wosewera moti John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja, ankatha kutola mawu oponyedwa kuchokera m'khamu n'kuwabweza akadali ofunda. Ndipo popeza adalipira ndalama yake, woonerayo adali bwana. Padalibe mfumu yomuyang'ana, padalibe bungwe lomuuza chophunzira.

Malowa adali bwalo lokhala ndi chipata, ndipo mafunso awiri aja adayankhidwa onse pamodzi. Manyazi ake ndi akuti ankasamalidwa ndi boma la France. Afalansa atachoka mu 2011, akuba adazula zipangizo, ndipo ngakhale malowo adakhala a boma la Malawi n'kupatsidwa dzina latsopano la Blantyre Cultural Centre, ntchito yowakonzanso idatenga zaka zambirimbiri moduladula. Dziko limene lidalephera kulondera denga la udzu likuti lipatsidwe nyumba yachifumu.

Maiko oyandikana nawo akuphunzitsa zomwezi. Market Theatre ya ku Johannesburg, imene Barney Simon ndi Mannie Manim adaitsegula mu 1976, idali msika wakale wa zipatso, ndipo idatchuka chifukwa idalola anthu a mitundu yonse kukhala pamodzi tsankho lili pachimake. Gibson Kente adamanga dzina lake m'maholo wamba a ku Soweto ndi m'makomboni ena, kumene oonera ankalipira pakhomo n'kumayankha mokweza. Ku Bulawayo, Cont Mhlanga adayambitsira Amakhosi ku Makokoba, pakati pa anthu amene ankawasewerera. Ku Harare, Theatre in the Park idayamba mu 1996 m'kanyumba ka udzu, oonera atazungulira osewera. Mwa malo onsewa palibe amene adayamba ngati chipilala cha boma.

Zotsutsa

Pali zotsutsa zimene ziyenera kumvedwa. Choyamba ndi mvula: kuyambira Novembala mpaka Epulo bwalo lapamtetete silidalirika. Mankhwala a mvula ndi denga, ndipo denga silifuna makoma anayi. Chachiwiri ndi chakuti masewero ena amafuna bata, kunong'ona ndi mdima, ndipo khamu loyankhayankha limawapha. Izi n'zoona, koma masewero otere amafa msanga m'chinyumba cha anthu zikwi kusiyana ndi pena paliponse. Amafuna kachipinda ka anthu 100 kapena 200, kamene kangamangidwe pambali pa bwalo pamtengo wochepa. Bata la m'kachipinda kotere woonera amalipereka yekha chifukwa sewero lamugwira mtima, ndipo limasiyana kutali ndi bata lolamulidwa ndi mlonda. Chachitatu ndi chakuti oonera a kuno amaseka pamalo olira ndiponso amakuwiza osewera. Zimachitikadi. Koma kuseka pa tsoka nthawi zambiri ndi njira yomezera chowawa, ndipo wosewera amene sangathe kuligwira khamu lotere abwerere akasule luso lake. Pagule fumbi ndiwe mwini. Chachinayi ndi ulemu wa dziko. Ulemu wa dziko pa zisudzo umayesedwa ndi masewero amene alembedwa ndi anthu amene awaonera, ndipo mlendo wodzaona zisudzo za Amalawi sadzagoma ndi mipando yawofuwofu yopanda anthu.

Ndalama zomangira chinyumba chimodzi ku likulu zingamange mabwalo ambiri ofolera, a masitepe ozungulira mbali zitatu, a mpanda ndi chipata, ku Ndirande, Kawale, Chibavi, Mangochi ndi Kasungu, pafupi ndi misika ndi pokwerera minibasi. Makhonsolo ali kale ndi malo ndi maholo. Chosowa ndi lamulo loti masiku ena pamwezi akhale a zisudzo, pamtengo umene gulu laling'ono lingakwanitse. Mabungwe ofuna kuthandiza alipirire denga ndi magetsi, uthenga ausiye kwa olemba. Kumidzi nako sewero lizifika ngati mlendo woyembekeza kufupidwa akakometsa, lileke kufika ngati mlangizi wonyamula kalata yochokera kuboma.

Akatswiri ndi ophunzira a zisudzo nawo ali ndi ngongole. Zolemba zawo zambiri zimasanthula mawu a wolemba ndi cholinga cha wotsogolera, woonera n'kungotchulidwa m'chiganizo chimodzi choti anthu adasangalala. Wofufuza azifunsa kuti adakhala pati ndani, adalipira zingati, adalankhula ndani, adakhala chete ndani, ndipo adabwerera kwawo pa chiyani. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo adzaonetse malo oyenera kumanga. Kufikira tsikulo, aliyense wopempha nyumba yaikulu ya zisudzo ayambe wafotokoza kuti mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe adzakhala mpando uti, adzalipira zingati, ndipo akafuna kumuyankha wosewera, adzamuletsa ndani.